Mau a Chiwerengero Opanda Chiganizo: Kuunikanso Buku la Africa Counts

Buku limene ndifuna kuliunika pamaso pa msonkhano uno silidalembedwe ndi katswiri wa ziyankhulo, ndipo mwini wake sadadzitchepo dzina lotero. Mai Claudia Zaslavsky adali mphunzitsi wa masamu pa sukulu ya sekondale ku New York, ndipo buku lawo lotchedwa Africa Counts lidasindikizidwa ku Boston m'chaka cha 1973. Ngakhale zili choncho, ndi mabuku owerengeka amene aumba maganizo a anthu ophunzira pa nkhani ya masamu a mu Afrika monga lachitira limeneli. Ifenso a ziyankhulo, tikafunsidwa ngati Chichewa, Chishona kapena Chibemba chingasenze masamu, fizikisi ndi maphunziro a za chuma, kawirikawiri timayankha ndi mfundo zochokera m'bukuli, mwina osazindikira n'komwe kumene tidazitola. Nchifukwa chake ndaona kuti nkoyenera tilitsegulenso, tione chimene lidatipatsa ndi chimene lidatizoloweretsa kusafunsa.

Tiyambe ndi ngongole, pakuti ilipo ndipo ndi yaikulu. Pamene Mai Zaslavsky ankayamba kufufuza, m'malaibulale a ku Amerika munkapezekabe mabuku onga la Levi Conant la 1896, The Number Concept, amene ankaika mitundu ya anthu pa makwerero poona kutalika kwa kuwerenga kwawo, anthu akuda nkuwasiya m'munsi. Iwo adayankha bodza limeneli posonkhanitsa umboni: mau a chiwerengero, kuwerenga ndi zala, miyambo yoletsa kuwerenga anthu kapena ziweto, masiku a misika, ndalama zamakedzana, bawo ndi masewero ena ofanana naye, mamangidwe a nyumba, ndi zojambula za pamchenga za ana a Akuba ku Congo. Zambiri adazipeza m'zolemba za ena, monga kafukufuku wa Marianne Schmidl wa ku Vienna wa 1915, ndipo zina adakadzionera okha paulendo wawo wa kuvuma kwa Afrika mu 1970. Mphunzitsi aliyense amene adaimapo pamaso pa ana ouzidwa kuti makolo awo sankadziwa kuwerenga ayenera kulithokoza bukuli. Ine ndine mmodzi wa iwo.

Dandaulo langa lili pa mtundu wa umboniwo. Mau a chiwerengero m'bukuli aikidwa m'mizere ngati mikanda yothothoka pa chingwe chake: 1 ndi chakuti, 2 ndi chakuti, mpaka khumi, kenaka chiyankhulo china, mzere winanso. Umu ndi mmene amishoni ndi apaulendo a zaka za m'ma 1800 ankalembera, chifukwa funso lawo kwa womasulira lidali lakuti, kodi 6 mumati chiyani kwanu kuno? Funso limenelo lili ndi yankho m'Chingerezi. M'ziyankhulo zambiri za Chibantu lilibe yankho loima palokha, ndipo womasulira wosaopa bwana akadabweza funso: mukuwerenga chiyani?

Taonani Chichewa. Masinde asanu oyamba, -modzi, -wiri, -tatu, -nayi ndi -sanu, si maina konse. Ndi afotokozi amene satuluka m'kamwa popanda mgwirizanitsi wa gulu la dzina limene likuwerengedwa. Timati anthu awiri, mitengo iwiri, zipatso ziwiri, tiana tiwiri. Koma khumi ndi dzina, lili ndi gulu lake ndi kuchuluka kwake, makumi. Chimodzimodzinso zana ndi chikwi. Kotero m'mawerengedwe amodzi omwewo muli mitundu iwiri ya mau, ndipo malire a mitundu iwiriyi saima pamalo amodzi m'ziyankhulo zonse. M'Chiyao -mo, -wili ndi -tatu amatsata gulu la dzina, koma mcheche ndi msano satero. M'Chizulu 6 ndi isithupha, ndiye chala chachikulu, 7 ndi isikhombisa, chala cholozera, pamene 8 ndi 9 amanena za zala zosiyidwa, ziwiri kapena chimodzi. Mbemba amati cine lubali, zinayi mbali imodzi, ponena 7, ndi cine konse konse, zinayi uku ndi uku, ponena 8. Mswahili adabwereka sita, saba ndi tisa kwa Aluya, mau osalandira mgwirizanitsi, koma -nane adamsunga ndipo amagwirizanabe ndi dzina. Zinthu zonga izi bukuli limazitenga makamaka ngati umboni wakuti mtundu wakuti umawerenga m'zisanuzisanu, wakuti m'makumimakumi. Kwa ife nkhani yaikulu ndi ina: kodi ndi pati pamene chiwerengero chimaleka kukhala mfotokozi wa chinthu nkusanduka chinthu pachokha, chimene munthu angachigawe, kuchichulukitsa, ndi kunenapo zoona kapena zabodza? Masamu monga phunziro amayambira pamenepo, ndipo mzere wa mau sungatilozere malowo.

Ndipereke chitsanzo chimene mzere wotere sungachigwire ngakhale utatalika motani. Ndikati ndagula nkhuku makumi asanu ndi awiri, Mchewa amamva 70, chifukwa awiri akugwirizana ndi makumi. Ndikati nkhuku makumi asanu ndi ziwiri, amamva 52, chifukwa ziwiri zikugwirizana ndi nkhuku. Apa mgwirizanitsi akugwira ntchito imene wamasamu amaigwira ndi mabulaketi: akusonyeza chimene chiyenera kuphatikizidwa choyamba, ngati ndi (5 + 2) × 10 kapena 5 × 10 + 2. Koma ndikati anthu makumi asanu ndi awiri, kapena mazira makumi asanu ndi awiri, chida chija chafa, pakuti anthu, mazira ndi makumi onse amatenga a-. Kodi pamaliro paja padali anthu 70 kapena 52? Akuluakulu adaliona dzenje limeneli ndipo adalikwirira kalekale. Adali ndi mau akuti mphambu ndi kudza olekanitsira makumi ndi zotsalira, kotero kuti anthu makumi asanu mphambu awiri sangakhale 70 mwa njira iliyonse. Omasulira Buku Lopatulika la 1922, amene adakumana ndi ziwerengero zambirimbiri za zaka, za mabanja ndi za ankhondo, adatsamira kwambiri pa mau awiriwa. Umenewu ndiwo umboni weniweni wa luso la masamu m'chiyankhulo: anthu kuona pamene mau angamveke pawiri, ndi kupanga chida chotsekera mpatawo. Simungaupeze pofunsa kuti 52 mumati chiyani. Mungaupeze pokhapokha mutamvera anthu akuwerenga zinthu za magulu osiyanasiyana m'ziganizo zathunthu. (Ndifunsenso apa, anzanga a ku Malawi ndi ku Zambia, ndi angati mwa ophunzira athu a pa yunivesite amene angalembe mphambu pamalo pake?)

Bukuli limaima chilili pamene lifika kwa Ayoruba a ku Nigeria, ndipo chifukwa chake nchophunzitsa: kumeneko mlembi sadaime pa mau okha, adawalumikiza ndi msika. Myoruba amawerenga m'makumi awiriawiri ndipo amakonda kuchotsera, kotero kuti 45 amamangidwa ngati makumi awiri katatu, kuchotsapo khumi, kuchotsaponso zisanu. Potsata Adolphus Mann, amene adalemba za nkhaniyi mu 1887, bukuli limafotokoza mmene owerenga tizigoba ta m'nyanja ta cowrie, timene tidali ndalama, ankatikokera m'timilu ta tisanutisanu, kenaka m'makumi awiri, kenaka m'mazana awiri. Pambuyo pake Jan Hogendorn ndi Marion Johnson, m'buku lawo la 1986 lotchedwa The Shell Money of the Slave Trade, adalongosola mbali ya chuma: tizigobato tinkachokera ku zilumba za Maldives pa zombo za Azungu ogula akapolo, ndipo m'zaka za m'ma 1800 amalonda adathira m'misika tizigoba tina totsika mtengo ta ku gombe la Zanzibar, mpaka ndalamayo idatha mphamvu ndipo munthu ankafunika zikwi za tizigoba pogula katundu wamba. Ndiye kuti mau a ziwerengero zikuluzikulu ankatafunidwa tsiku ndi tsiku. Mau a chiwerengero amakula kumene akugwiritsidwa ntchito, ndipo amafota kumene ntchitoyo yaperekedwa kwa chiyankhulo china. Mai wogulitsa tomato pa msika wa ku Lilongwe kapena ku Chipata akamati faifi handiredi sakusonyeza umphawi wa Chichewa. Akusonyeza kuti ndalama, malipiro ndi sukulu zidabwera zikuwerengedwa m'Chingerezi.

Pa fupa la Ishango, limene bukuli lidathandiza kulitchukitsa, ndidutsa msanga. Jean de Heinzelin adalifukula mu 1950 pafupi ndi pamene mtsinje wa Semliki umatulukira m'nyanja ya Edward, ndipo lidatengedwa kupita ku Brussels. Timizere tochekedwa pa mbali ina ya fupalo tili m'magulu a 11, 13, 17 ndi 19, ndipo pa mbali ina a 11, 21, 19 ndi 9. Mbali iliyonse ikaphatikizidwa payokha imapereka 60. De Heinzelin adaonapo masewero a masamu. Alexander Marshack mu 1972 adaonapo kalendala ya mwezi. Zaka za fupalo poyamba zinkayesedwa zosafika 10,000, koma kafukufuku wa pambuyo pake adazifikitsa pafupi ndi 20,000. Chimene sichidasinthe ndi chakuti fupa siliyankhula. Kunena kuti wocheka uja ankadziwa kuti 11, 13, 17 ndi 19 ndi nambala zosagawika ndiko kumuika m'kamwa chiganizo chathu. Mwina adali nacho, koma timizere tokha sitingatiuze.

Amene adatsata njira imene Mai Zaslavsky adalambula, makamaka atafala mau akuti ethnomathematics amene Ubiratan D'Ambrosio wa ku Brazil adawatchukitsa pa msonkhano wa ku Adelaide mu 1984, adafika patali pa masamu koma sadasunthe kwambiri pa chiyankhulo. Paulus Gerdes, amene adagwira ntchito ku Mozambique kuyambira mu 1976 mpaka imfa yake mu 2014, adasanthula sona, zojambula za pamchenga za Achokwe a ku Angola. Mwa zina adasonyeza kuti pa chojambula chonga mphasa yolukidwa, pamene mzere umayenda mozungulira madontho oikidwa m'mindandanda, chiwerengero cha mizere yofunika kuti chojambulacho chithe ndicho nambala yaikulu koposa imene imagawa madontho a m'litali ndi a m'lifupi popanda chotsala. Madontho 3 kwa 4 amafuna mzere umodzi. 4 kwa 6 amafuna iwiri. Zimenezi nzoona ndipo nzokongola. Koma lamulolo lidanenedwa ndi Gerdes, m'Chipwitikizi ndi m'Chingerezi, ndipo iye mwini ankawatcha masamu otere obisika, ofunika munthu wowavundukula. Kwa wofufuza ziyankhulo, ntchito yolemera koposa ndi ya Gerhard Kubik, yemwe uja amadziwika ku Malawi chifukwa cha nyimbo za banja la a Kachamba ku Chileka. M'buku lake la 1987 lonena za tusona ta Aluchazi a kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, Kubik adalemba zojambulazo pamodzi ndi maina ake ndi mau amene eni ake ankanena pojambula. Wina adatipatsa lamulo lopanda liu la wojambula, wina liu la wojambula. Amene adzalumikize ziwirizi ndi munthu wa m'chipinda chino, osati wa ku dipatimenti ya masamu.

Chimene chimandiwawa nchakuti chenjezo lidaperekedwa msanga. Chaka chimodzi chokha chitatuluka buku la Mai Zaslavsky, mu Sepitembala 1974, bungwe la UNESCO lidachititsa msonkhano ku Nairobi wokambirana za kulumikizana kwa maphunziro a ziyankhulo ndi kaphunzitsidwe ka masamu. Kumeneko M. A. K. Halliday adafotokoza kuti chinenero cha masamu si mulu wa maina atsopano chabe, koma njira zomangira mfundo ndi zotsutsirana. Ife tidamva, tidavomera, nkubwerera ku mizere yathu ya mau. Ndidakhalapo pa komiti ina yokonza mau a sayansi, imene sindiitchula dzina, pamene tidatha tsiku lathunthu tikukangana ngati tilembe thirayango kapena tipeke mau onena za ngodya zitatu. Palibe ndi mmodzi yemwe, ngakhale ine ndemwe, amene adapempha kuti tiyese kulemba chiganizo chimodzi chonena choona china chokhudza chinthucho. Mkangano wa kubwereka ndi kupeka, umene Mercy Kazima adaulongosola bwino mu 2008 poyerekeza njira ya Malawi ndi ya Tanzania ndi Nigeria, uli ndi malo ake, koma suli pamutu penipeni pa nkhani.

Tengani mau akuti mphamvu. M'fizikisi muli chinthu choyezedwa m'ma newton, china m'ma joule, chinanso m'ma watt, ndipo Mchewa zonse zitatu amazitcha mphamvu, pamodzi ndi mphamvu za mfumu ndi za mankhwala. Ena amati apa ndiye pamene pagona kulephera kwa chiyankhulo chathu. Aiwala kuti pamene Hermann von Helmholtz ankalemba mu 1847 za lamulo lakuti chinthu chija choyezedwa m'ma joule sichilengedwa ndipo sichionongeka, adachitcha Kraft, mau omwewo amene Mjeremani amatchulira choyezedwa m'ma newton. Chijeremani nachonso chidali ndi mphamvu wake. Chimene chidalekanitsa matanthauzowo si komiti. Ndi anthu amene ankalemba, kutsutsana ndi kukonzana m'chiyankhulocho kwa zaka zambiri. M'maphunziro a za chuma vutoli limafika mpaka pakhomo. Tiyerekeze kuti wailesi yalengeza kuti kukwera mitengo kwa zinthu kwatsika. Womvera apita ku golosale, apeza shuga wakwera, nanena kuti wailesi yanama. Sidaname, koma idalephera kumanga chiganizo. Chofunika kunenedwa nchakuti mitengo ikukwerabe, koma liwiro la kukwerako lachepa. Palibe mau achilendo m'chiganizo chimenecho. Chida chake ndi ku- uja wosandutsa mneni kukhala dzina, amene amatilola kunena za kukwera ngati chinthu chokhala ndi liwiro lake, ndipo ziyankhulo zathu zonse zili naye.

Popeza ndadzudzula ena chifukwa chosayesa, ndiyese ndekha, ndipo ndibwerere ku nambala zija za pa fupa la Ishango. Nambala yoposa 1 imene imagawika ndi 1 ndi iyo yokha basi tiitche yosagawika. Euclid, m'buku lachisanu ndi chinayi la Elements, adasonyeza kuti nambala zotere zilibe polekezera. M'Chichewa mfundoyo ingayende motere. Tengani gulu lililonse la nambala zosagawika, lalikulu mmene mungafunire, bola likhale ndi polekezera. Zichulukitseni zonse pamodzi, ndipo pa chimene mwapeza muonjezepo 1. Nambala yatsopanoyi mukaigawa ndi iliyonse ya m'gulu lija, patsala 1 nthawi zonse. Choncho palibe ndi imodzi yomwe ya m'gululo imene imaigawa. Koma nambala iliyonse yoposa 1 ili ndi nambala yosagawika imene imaigawa, ngakhale itakhala iyo yomwe. Motero ilipo nambala yosagawika imene sidali m'gulu lanu. Ndipo popeza gululo lidali lililonse, palibe gulu lokhala ndi polekezera limene lingazimalize zonse. Wofuna kuona ndi maso achulukitse 2, 3, 5, 7, 11 ndi 13, aonjezepo 1; apeza 30,031, amene ndi 59 kuchulukitsa ndi 509, ndipo ziwiri zonsezi nzosagawika zimene sizidali m'gulu.

Ndimeyo yayenda, koma ndikuuzeni pamene ndidapunthwa poilemba, chifukwa pamenepo ndi pamene pali ntchito yathu. Pa kukana sindidavutike: Chichewa chimalekanitsa bwino onse sadabwere ndi si onse adabwera, mwina kuposa mmene Chingerezi chimachitira. Ndidavutika ndi -ina. Ndidayamba ndalemba kuti pali nambala ina yosagawika imene imaigawa, ndipo ndidaona kuti wowerenga adzamva kuti nambalayo ndi yosiyana ndi yogawidwayo, pamene mfundo ikulola kuti ikhale yomweyo. Tsinde limeneli limasenza matanthauzo awiri, la chinthu chosatchulidwa dzina ndi la chinthu chosiyana ndi chimene chatchulidwa kale, ndipo masamu amafuna loyamba lokha. Ndidalizemba ndi mau akuti ngakhale itakhala iyo yomwe, koma kuzemba kotere sikungachitike pa tsamba lililonse la buku la ana a sekondale.

Chachiwiri ndidachiona nditamaliza. Agwirizanitsi onse a m'ndimemo, i- ndi zi-, ya ndi za, atsamira pa dzina limodzi lobwereka, nambala. Ndidayesa kuikapo chiwerengero, koma mauwa amaitana funso lija la womasulira, chiwerengero cha chiyani. Ndikati 7 ndi yosagawika, ndanena za nambalayo payokha, ndipo ndanena zoona. Ndikati zisanu ndi ziwiri nzosagawika, womvera aona zinthu zisanu ndi ziwiri zili pa mphasa, mbuzi kapena nsima, nayankha kuti iye angathe kuzigawa bwinobwino. Ndingakondwe kumva kwa anzanga a Chishona, Chibemba, Chitonga ndi Chisutu kuti ndimeyi ikalembedwa kwawo idzatsamira pa dzina liti, ndi kuti dzinalo lidzagwa m'gulu liti.